Timakoma ta Eneless

Dickson anali atakweza kale piki m'mwamba pamene Thomson anatulukira kuseri kwa nyumba.

"Alamu, dikirani kaye."

"Ndidikire chiyani? Maliro taika, kumeta tameta. Mvula ili pafupi, ndipo mundawu ndi wa mbumba yathu. Tidzalamo chinangwa."

Pakati pa mundapo panali timakoma tolekeza m'chiuno, topanda denga, toima patalipatali. Anatimanga ndi Eneless, mlongo wake wa Dickson, mkazi wa Thomson, yemwe anali atangoikidwa m'manda sabata lomwelo. Ankaphunzitsa sayansi ya zomangira ku yunivesite ku Blantyre. Chigumulireni napolo wa 1991 nyumba za m'munsi mwa Michesi, mtima wake unali pa chinthu chimodzi: kupeza chomangira njerwa cholimba ngati simenti, choti mlimi wa kwa Mkhumba n'kuchikwanitsa. Ankawotcha mankhusu a mpunga wa kuchigwa, phulusalo n'kusakaniza ndi laimu, khoma lililonse muyezo wakewake, kenako n'kuwasiya pamtetete kuti mvula iweruze.

Thomson ankadziwa malire ake. Anali mkamwini, ndipo mkazi atapita, mawu ake pamudzipo anali atapepuka. Koma sanasunthe.

"Munda ndi wanu, sindikutsutsa. Ine ndinyamuka Lachisanu. Koma makomawa akudikira dzinja lomaliza. Ophunzira ake abwera mvula ikatha kudzaona lomwe lapirira. Mukagumula lero, mwamuika m'manda kachiwiri."

"Makoma sadyedwa, alamu."

"Zoona. Koma nyumba yanu itagwa ndi napolo uja, Eneless anakupezani mukugona m'tchalitchi ndi ana. Mawa lake anayamba kutolera mankhusu."

Dickson anayang'ana kuphiri nthawi yaitali, kenako anatsitsa piki n'kuigoneka mumzere.

"Chinangwa tidzala m'mphepete," anatero. "Ndipo Lachisanu lanulo liiwaleni. Ana a sukuluwo akabwera adzawalandira ndani?"

Anapita pa khoma lakumapeto, nanjuta. Anagunditsa khutu pa njerwa, n'kugogoda ndi chala kawiri, maso atatsinzina.

"Eneless ankatero chiyambire ali kamtsikana," anatero motsitsa mawu. "Amayi akamutuma mbiya kumsika, ankagogoda zonse, imodziimodzi, kuti amve yolimba, mpaka wogulitsa kupsa mtima."

Anadzuka, nasunthira pa khoma lotsatira. Thomson ananjuta pambali pake, nayenso n'kutchera khutu.