Chotupa Chimene Tecla Anachiona Kuseri kwa Khutu

Tecla Kamwendo anali pafupi kuchita cholakwa chimene anthu ambiri a mtima wabwino amachita: kuona choopsa ndi maso ake, koma n'kukhala chete poopa kukhumudwitsa munthu amene ankamukonda.

Ntchito yake inali yojambula nsidze zosafufutika. Anali ndi mpando wake pakona ya saluni ina ku Machipisa, ndipo amayi ankakwera makombi, timabasi ting'onoting'ono, kuchokera kutali kudzamufuna, chifukwa dzanja lake silinkanjenjemera. Chaka chimenecho anzake a ntchitoyi anayamba kujambulanso timatatuu ting'onoting'ono, monga kanyenyezi pamkono kapena kamtima pachala. Tecla nayenso anagula inki ndi masingano ake n'kuyamba. Pa nkhani ya ukhondo panalibe womunena. Singano iliyonse ankaitsegula kasitomala akuona, ndipo sankagwira munthu asanavale magolovesi.

Loweruka lina kunabwera Ruvarashe, mwana wa mchimwene wake Lameki. Mayi a mtsikanayu, a Paida, anamwalira iye akadali pasukulu, ndipo Tecla ndi amene anathandiza kumulera kwawo ku Mufakose. Tsopano anali atakula, ukwati wake unali mu Disembala.

"Azakhali, ndikufuna ka P kakang'ono apa," anatero Ruvarashe, akuloza pamwamba pa chifuwa, m'munsi mwa khosi. "Diresi langa ndi lotsegula pakhosi. Ndikufuna amayi adzakhalepo pa ukwati wanga."

"Bambo ako akudziwa?"

"Adzadziwira pa zithunzi."

"Iwe mwana, ukufuna achimwene achoke kuntchito kwawo ku Workington ndi sipanala m'manja kudzandifuna?"

Onse anaseka, koma m'maso mwa Ruvarashe munali misozi. Tecla anamukhazika pampando, n'kumunyamula tsitsi kuti alimange kumbuyo. Apo ndi pamene anaona chotupa kuseri kwa khutu, cholimba, chonyezimira, chachikulu ngati nyemba.

"Nanga ichi?"

"Ndi pamene ndinaboola ndolo. Chinangomera chokha. Sichipweteka."

Tecla sanali mbuli pa zimenezi. Mayi amene anamuphunzitsa ntchito anamuchenjeza kuti khungu limene linatupapo chonchi salilasa ndi singano. Mawuwo anawakumbukira bwinobwino. Koma anadziuza kuti chilembocho n'chaching'ono, ndiponso kuti apepuza dzanja. Anayang'ana nkhope ya mwana wamasiyeyo pagalasi, n'kumasula tsitsi lija kuti ligwere mbali ya khutulo, ndipo anayatsa makina.

Ka P kanatuluka kokongola. Tecla anakajambula pafoni n'kukaonetsa anzake pa WhatsApp, ndipo atsikana ena anabwera kudzafuna zofanana nazo. Bala linapola, ndipo Tecla anaganiza kuti mantha ake anali opanda pake.

Patadutsa miyezi ingapo, malo aja pachifuwa pa Ruvarashe anayamba kuyabwa. Mizere ya chilembo inatukumuka, kenaka inalumikizana, n'kusanduka chotupa cholimba chimene chinapitirira malire a inki. Lamlungu lina atachoka kutchalitchi, Ruvarashe anafika kunyumba kwa azakhali ake atavala juzi kunja kukutentha. Atavula, Tecla anachiona chotupacho.

"Azakhali, ndikavala bwanji diresi lija?"

"Usalire," anatero Tecla mofulumira. "Ndili ndi inki yofanana ndi khungu, ija ndimakonzera nsidze zolakwika. Ndipitapo pamwamba, sipadzaonekanso."

Anthu ambiri akalakwa amathamangira kubisa cholakwacho, ndipo pobisapo ndi pamene amawononga koposa. Tecla anatulutsa makina m'chikwama n'kuyamba kutsegula singano.

Tsiku limenelo m'mipopi munalibe madzi. Sisita Yolanda, namwino wokhala nyumba yoyandikana nayo, anabwera ndi chigubu kudzapempha madzi a m'diramu. Anaima pakhomo, anaona chifuwa cha mtsikanayo, anaonanso singano.

"Mayi Kamwendo, ikani pansi chimenecho."

"Sisita, ndikungofuna kuphimbapo."

"Mukaphimbapo lero, pofika Disembala chidzakhala chitakula kuposa apa." Anaika chigubu pansi n'kuyandikira. "Mwanawe, tembenuka ndione makutu."

Atanyamula tsitsi, Sisita anachipeza chotupa chija. Anakhala pampando n'kuwafotokozera modekha. Anati matupi a anthu ena sadziwa polekera popoletsa bala. Bala likatsekeka, mnofu umapitirizabe kumera mpaka kukhala chipsera chotupa chimene kuchipatala amachitchula kuti keloidi. Si matenda opatsirana, si ufiti, ndiponso si chifukwa cha uve. Zimachitika kawirikawiri pakati pa anthu akhungu lakuda, ndipo nthawi zambiri zimayenda m'banja. Makutu, mapewa ndi pachifuwa ndi malo amene zimakonda kumera.

"Ukhoza kuwiritsa zida zako tsiku lonse," anatero Sisita Yolanda, "koma kwa munthu wa khungu lotere, kabala kakang'ono n'kokwanira. Ndiye ndifunse, mayi Kamwendo. Khutu ili simunalione?"

Tecla anayang'ana singano imene inali patebulo.

"Ndinaliona, Sisita."

Ruvarashe anatembenuka pang'onopang'ono. "Munkadziwa, azakhali?"

"Ndinkadziwa. Ndinaopa kukukaniza."

Mtsikanayo anavala juzi yake. Sisita Yolanda anamugwira dzanja asanatuluke. "Mawa ubwere kukiliniki. Tikutumiza kwa dokotala wa khungu. Usadulepo ndi lezala, usamangepo ulusi, usapakepo mankhwala ogula mumsewu. Ngakhale madokotala sathamangira kudula, chifukwa chikhoza kumeranso chachikulu."

Madzulo ake bambo Lameki anabwera. Tecla ankayembekezera kukalipiridwa, koma iwo anakhala pakhonde nthawi yaitali akutembenuza chipewa m'manja.

"Za tatuuzo sindikunena," anatero pomaliza. "Ana a masiku ano amachita zawo. Koma iwe, mlongo wanga, ndinakupatsa mwanayu kuti uzimuonera zimene ine sindingaone. Unaona, n'kutseka pakamwa."

M'mawa mwake Tecla anakadikira Ruvarashe pokwerera makombi. Mtsikanayo sanamulankhule ulendo wonse, koma sanamuthamangitse. Dokotala anayamba kumubaya jakisoni pachotupa pomwepo, ndipo anati azibweranso mwezi ndi mwezi. Jakisoniyo inali yowawa, ndipo ulendo uliwonse Tecla ankatseka ntchito yake kuti akamugwire dzanja. Pa ulendo wina, ali pabenchi yodikirira, Ruvarashe anatsamiritsa mutu paphewa la azakhali ake.

"Mukanandikaniza ndikanakukwiyirani sabata imodzi yokha," anatero.

"Ndikudziwa, mwana wanga."

Kuyabwa kunasiya, chotupa chinafewa n'kutsika, ndipo sichinapitirize kukula. Singano yachiwiri ija ikanalowa, nkhani ikanakhala ina.

Ku Machipisa Tecla anasintha kagwiridwe ka ntchito. Asanatsegule singano, kaya ndi ya nsidze kaya ya tatuu, amayang'ana kuseri kwa makutu, amaona chipsera cha katemera pamkono, ndipo amafunsa ngati m'banjamo muli wina wa zipsera zotupa. Akapeza chizindikiro amakana. Mayi wina anamunyoza pamaso pa anthu kuti wayamba kudziyesa dokotala, ndipo anati apita kwa wina wa kuseri kwa msika.

"Kupita mukhoza kupita, mayi," anayankha Tecla. "Koma muyambe mwadutsa kukiliniki mukaonetse khutulo."

Inu amene mumagwira singano pa khungu la anzanu, dziwani kuti ukhondo wokha sukwanira. Funsani, yang'anani, ndipo mukaona chipsera chotupa kanani, ngakhale wopemphayo akhale mwana wanu. Inunso amene mukufuna nsidze kapena katatuu, musabise chipsera chotere ndi tsitsi kapena malaya. Kachionetseni kwa azaumoyo singano isanakukhudzeni.

Ruvarashe anakwatiwa mu Disembala monga anakonzera, koma telala anachita kuwonjezera nsalu kuti diresi litseke mpaka pakhosi. Chipsera chilipo mpaka lero, ndipo chilembo cha dzina la mayi ake sichiwerengekanso.