Theka la Nkhondo

Buku linali limodzi, atsikana anali atatu, ndiye mlandu unaweruzidwa ndi lezala. Linali buku lalikulu lokonzekera mayeso omaliza a sekondale: kemisitiri kutsogolo, bayoloje pakati, hisitole ya ku Ulaya kumapeto. Analicheka pamsana n'kugawana, ndipo Lachisanu lililonse ankakumana pageti la sukulu kusinthana zigawo. Chigawo cha hisitole chinali chonenepa kwambiri, moti nachonso anachicheka pawiri. Zinkayenda bwino ndithu, mpaka pamene mmodzi wa iwo anasiya kubwera pageti.

Theka loyamba la hisitole linatsala kwa mtsikana amene anzake ankamutcha Gulugufe, chifukwa iye ndi mpando sankamwerana madzi. Chaka chatha hisitole yomweyi ndi imene inamugwetsa, ndipo bambo ake anali atanena mosapsatira kuti kubwereza kuno n'komaliza. Akalepheranso, aima kuseri kwa kauntala m'shopu yawo ya zitsulo, azigulitsa misomali. Mayeso a hisitole anali Lolemba m'mawa, ndipo lero linali Loweruka.

Zam'theka lakelo ankazidziwa ngati dzina lake. Nkhondo yoyamba, pangano limene linasiya Jeremani akukukuta mano, ulova, njala, zonse zinali m'mutu. Koma tsamba lomaliza linkathera pamene asilikali a Jeremani aima pamalire a Polandi, chiganizo chili pakati. Zoti nkhondo yachiwiri inatha ankadziwa, nanga si anthu akuyendabe m'misewu, koma inatha bwanji, ndani anagwirizana ndi ndani, zimenezo zinali m'theka lachiwiri. Theka limenelo linali kwa msuweni wake, mwana wa azakhali ake, amene anali asanaoneke m'kalasi kuchokera mwezi watha. Foni yake inali yozima.

M'mawawo Gulugufe anayesa kudzinyenga ndi kemisitiri. Anakhala patebulo, anawerenga za asidi, anadzuka kukatsegula zenera, anabwerera, anawerenganso mzere womwewo, anadzukanso kukatseka zenera lomwelo. Mutu sunkagwira. Pomaliza anavala nsapato.

Anayambira kwa mnzawo wachitatu uja, amene ankamutcha Dokotala chifukwa chokakamira chigawo cha bayoloje. Anamupeza pakhonde akujambula mtima wa munthu, mitsempha ili balala.

"Sindinamuone," anatero Dokotala, maso ali papepala. "Koma iwe ukuvutikiranji? Jeremani anagonja. Ukalembe choncho."

"Tsamba lonse ndikadzaze ndi mawu awiri?"

"Ukalembe ndi zilembo zikuluzikulu."

Gulugufe sanaseke. Anadutsa pamsika, anawoloka msewu galimoto zikumuimbira belu, n'kukafika kwa azakhali ake. Anawapeza akusita, mulu wa zovala uli pampando. Mayi amene masiku onse ankamulandira ndi phokoso lero anangomuyang'ana pang'ono n'kubwezera maso pa malaya.

"Azakhali, msuweni alipo? Ali ndi mapepala anga."

"Masiku ano sakhala kuno."

"Akudwala kodi?"

"Ali kwa mkulu wake, pamwamba pa famase paja," anatero azakhali, akutsindira simbi pa kolala imene inali itawongoka kale. "Ukatenge mapepala akowo uzipita. Usakakhalitse."

Gulugufe anatuluka atakwiya. Njira yonse ankakonza mawu m'mutu. Munthu wodzikonda, munthu wopanda chisoni, kukhala ndi theka la mnzako mwezi wathunthu ngati kuti mayeso ndi ako wekha. Chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti msuweniyo sankafunikira n'komwe mapepalawo. Hisitole kwa iye inali ngati kumwa madzi, ndipo aphunzitsi akafunsa funso kalasi n'kukhala zii, ankangotembenukira kwa iye.

Masitepe a nyumbayo ankanunkha mankhwala. Anakwera chothamanga, anagogoda, anagogodanso asanamve n'komwe ngati muli munthu.

Msuweni anatsegula atavala juzi yaikulu ya mlamu wake, ngakhale kunja kunkatentha. Anamwetulira.

"Ndinamva kugogodako ndinadziwa. Chitseko chinakulakwira chiyani?"

"Mapepala anga," anatero Gulugufe, koma mawu onse amene anakonza panjira anali atathawa.

Mapepalawo anali pabedi, atasokedwa bwino ndi ulusi kuti asabalalike. Mizere yofunika inali yodulidwa kunsi ndi pensulo. Msuweni anakhala pansi mwapang'onopang'ono, n'kuwaika pamwendo.

"Khala kaye. Mwezi wonsewu unaima pati?"

"Pamalire a Polandi."

"Miyendo sinatope?"

Gulugufe anaseka mosafuna, n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Msuweni anayamba kufotokoza osayang'ana pepala. Anawolotsa asilikali malire aja, anagwetsa Falansa, anawatengera kum'mawa kumene chisanu chinawatafuna zala, kenako anawabweza kwawo mizinda ili phulusa. Ankati akafotokoza n'kufunsa, Gulugufe akalakwa n'kumumenya ndi mapepalawo pabondo. Dzuwa linachoka pazenera n'kukafika pakhoma. Kwa nthawi yoyamba tsikulo Gulugufe anakhala malo amodzi, ndipo anamva mtima ukutsika. Nkhondo inali italumikizana, ndipo misomali ya bambo ake inaoneka kutali.

"Funso la zimene zinayambitsa nkhondo silimalephera kubwera," anatero msuweni pomupatsa mapepalawo. "Usakathamange. Vuto lako umayankha usanamalize kuwerenga."

Gulugufe anachita manyazi ndi mkwiyo umene anabwera nawo. Anaimirira, mapepala ali pachifuwa.

"Ndiwerenga lero, mawa masana ndikubwezera pamodzi ndi theka langa. Nawenso uyenera kuonamo. Lolemba ndikudutsira, tipitire limodzi."

"Usavutike kubweza."

"Usandinyadire iwe. Ngakhale wanzeru amabwereza."

Msuweni anakoka juzi ija kutsogolo, n'kuyang'ana pansi.

"Lolemba m'mawa ndili ndi sikelo kuchipatala, ya amayi oyembekezera," anatero. "Anamwino anati ndisachedwe."

Gulugufe anayang'ana juzi ija, n'kuona chimene maso ake anakhala akuchilambalala masana onse. Pansi pa nyumbayo munthu wa mufamase ankakoka chitseko chachitsulo.

"Pita kusanade," anatero msuweni. "Ukadzatuluka m'mayesomo ubwere udzandiuze zimene anafunsa. Ndikufuna ndidziwe ngati ndikanakhoza."