Mawu a Kuseri kwa Kamera

Atelala sankaikonda kamera ija ngakhale pang'ono. Amene anabwera nayo pakhomo anali akazi awo, kamera ya matepi ang'onoang'ono ngati bokosi la machesi, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtendere unatha. Munthu ukutsuka m'mano, kamera ili pamphuno. Ukusokerera batani, kamera.

Tisaname, zithunzi zake zinali zowala zedi. Kaulusi kothothoka pakolala kankaoneka, ndi imvi zoyamba zomwe atelala ankazikana kwamtuwagalu. Koma mavuto ake analiponso. Tepi inkatha nkhani itangofika pokoma. Kukachita kamdima, chithunzi chinkadzaza mchenga. Ukabweza tepi kuti uone zomwe wajambula n'kuiwala kuipititsanso kutsogolo, basi wafufuta zakale. Chomwe chinkawanyansa koposa chinali maikolofoni yake, imene inali pafupi ndi pakamwa pa wojambula. Mwana wawo akuimba kutsogolo ankamveka ngati ali kutsidya kwa msewu, koma mayiwo akangoseka, nyumba yonse inkagwedezeka.

"Inu, muzitseka pakamwa pojambula," ankatero atelala. "Tikufuna timve mwana."

"Mukagule yanu yogontha," ankayankha mayiwo.

Mayi aja atamwalira, kamera inakalowa m'kabati, pansi pa zidutswa za nsalu, n'kukhala momwemo zaka zambiri. Ndiye tsiku lina mdzukulu, amene anabadwa agogo akewo atapita kale, anafunsa akusewera ndi choko cha telala.

"Agogo, kodi agogo aakazi ankayankhula bwanji?"

 Nkhope ya akazi awo atelala ankaiona bwinobwino m'maganizo, ndi kayendedwe komwe. Koma mawu anali atathawa. Anayesa kuwakumbukira akukalipa, akuitana mwana, osatheka. Anachita mantha, chifukwa zinali ngati akazi awo amwalira kachiwiri, ulendo uno mwakachetechete.

Mwana wawo wamkazi, mayi wa mdzukuluyo, anabwera ndi kompyuta ndi chingwe chakale chomwe anachisaka movutikira. Anasuntha lumo ndi masipulu a ulusi patebulo lodulira nsalu, n'kuika kamera pamenepo.

"Bambo, ndinene poyera," anatero. "Matepi amenewa amawerengeka ndi kamera yokhayi, ndipo yakalamba. Ikhoza kuwatafuna."

Inatafunadi. Tepi yoyamba italowa, munamveka kulira kwachilendo, ndipo potsegula anapeza riboni yakuda itapiringizika ngati ulusi wakodwa m'bobini. Atelala anaitenga n'kuiika pambali. Mwana wawoyo anapukuta m'kati mwa kamera mosamala, kenaka anawayang'ana.

"Tiyesenso ina, kapena tisiye?"

"Yesa," anatero. "M'kabatimo zikuthandiza ndani?"

Yachiwiri inalowa, inazungulira, ndipo chithunzi chinatuluka chatsopano ngati chadzulo. Chipinda chomwechi, makatani akale aja, dzuwa likulowera pawindo. Pamakina osokera panali bambo wa tsitsi lakuda, mapini ali kukamwa, nkhope ili ndwii.

"Awo ndani?" anafunsa mdzukulu.

"Agogo akowa," anatero mayi ake, akuseka. "Nthawi imeneyo chimimba chawochi chinali chisanabwere."

Mayi aja sanaoneke paliponse, paja wojambula sadzijambula. Pankangomveka kung'ung'udza kwa injini ya kamera ndi kupuma kwa munthu. Kenaka panabwera mawu, apafupi ngati akunong'oneza m'khutu.

"Taonani mwamuna wangayu. Wakwiya kuyambira m'mawa. Koma diresi akusokayo ndi yanga, ndipo akuyesa sindikudziwa."

Ndiye kuseka kuja, kogwedeza nyumba.

Atelala anagwira m'mphepete mwa tebulo. Mawu aja anali omwewo, okwera pang'ono kumapeto, osasa ngati a munthu wongodzuka. Anawasowa, kuwasowa kopweteka, koma anasangalalanso mpaka misozi inatsikira pa tepi yoyezera yomwe inali m'khosi mwawo.

Mwana wawo anaika chala pa batani. "Nditsitse pang'ono? Paja phokosoli munkadana nalo."

"Kweza."

Pachithunzipo, bambo wa tsitsi lakuda uja analavula mapini, n'kuloza kamera ndi lumo. "Inu, ndanena kuti muzitseka pakamwa pojambula!"

Atelala anamukokera mdzukulu pamiyendo, n'kumuloza mnyamata wa pakompyutayo.

"Iwe ndiye utseke pakamwa," anauza mnyamatayo. "Mayi akuyankhula."