Matabwa Asanu a Lolemba

M'chaka cha 1979, pamalo ena ochekera matabwa a paini kuseri kwa phiri la Dedza panabwera kalaliki watsopano, Ignasio Kamphinda. Mkulu wa pamalopo, a Chimphepo, anamulamula kuti ajambule tchati cha kuchindikala kwa matabwa, chokhala ndi mizere iwiri, wa pamwamba ndi wa pansi. Thabwa lopyola mizereyo likhale umboni woti wocheka walakwitsa.

"Bwana, ndipatseni mwezi," anatero Ignasio. "Ndiyeze tsiku ndi tsiku, mitengo youma ndi yaiwisi yomwe. Apo mizere idzakhala yoona."

"Alendo ochokera ku Lilongwe akubwera Lachisanu. Adzapeze khoma lopanda kanthu? Yezani lero!"

Ignasio anayeza matabwa asanu okha, Lolemba m'mawa, macheka atangonoledwa kumene. Asanuwo anali ofanana kwambiri, choncho mizere inathinana. Alendo anabwera, anayamikira, n'kumapita.

Mvula itayamba, mitengo inkafika yonyowa, ndipo timadontho ta miyezo ya matabwa patchati tinayamba kudumpha mizere pafupifupi tsiku lililonse. Mlandu wonse unagwera a Yeremiya, amene anacheka pamakinawo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Tsiku lina a Yeremiya analowa mu ofesi utuchi uli mbuu kumutu, n'kuponya thabwa patebulo la Ignasio.

"Talozani polakwika pathabwali, inu a sukulu."

"Bambo, tchati chikuti..."

"Tchati chinagwirapo macheka? Mmisiri uti anabweza thabwa langa? Mwandisandutsa chitsiru ndi pensulo yanuyo!"

A Chimphepo anatulukira pakhomo. "Yeremiya, kukana tchati ndi kusamvera. Mukufuna nkhaniyi ndikaitule kwa a tcheyamani a chipani?"

Ignasio ankadziwa kuti cholakwika chili pa mizere yake, koma atamva za chipani anaweramitsa mutu osanena kanthu. Sabata yomweyo a Yeremiya anachotsedwa ntchito.

Wocheka watsopano naye anapyola mizere yomweyo. Ignasio anatenga miyezo yonse ya a Yeremiya ya masiku makumi atatu, nawerengera mwatsopano. Mizere yoona inatalikirana, ndipo madontho onse a matabwa a Yeremiya anagwera m'kati. A Chimphepo anaona pepalalo, n'kulikankhira kumbali.

"Ndikauze alendo kuti tinawaonetsa bodza? Chokani."

Loweruka Ignasio anapalasa njinga mpaka ku Bembeke, kwawo kwa a Yeremiya. Anawapeza a Yeremiya akupalira mbatatesi pamodzi ndi akazi awo, mayi Filomena.

"Bambo, simunalakwe. Matabwa asanu anali ochepa. Onani apa."

A Yeremiya sanalandire pepalalo. "Munadziwa liti?"

"Kuyambira tsiku loyamba."

"Ndiye tsiku lija pakamwa panu panali chiyani?"

Mayi Filomena anaimika khasu. "Mwaponda mzere wa mbatatesi, achimwene. Dzerani uko potuluka."

Ignasio anakankha njinga yake mpaka pamsewu. Kumayambiriro kwa chaka chotsatira anapempha kuti amusamutsire ku Linthipe, kosungira matabwa, ndipo a Chimphepo anasaina kalatayo tsiku lomwelo.