Yemane Afa ndi Mawu Ake

Mwamuna wanga Yemane anabadwira ku Roma konkuno, ndipo akamakalipira woyendetsa basi simungamusiyanitse ndi mwana wina aliyense wa m'dera lathu la Torpignattara. Koma makolo ake anachokera ku Eritrea. Ndiye mu 1979, atamutenga kuti asewere mufilimu yoseketsa ya mizukwa, anamupatsa malo omwe ankapatsa wakuda aliyense: wantchito wa muhotela wotong'ola maso, woyamba kufa.

Ine ndinali wosoka zovala mufilimuyo, komanso wosakaniza magazi abodza. Inali filimu yaumphawi wadzaoneni, mizukwa inayi yokha kumabwerekana mawigi. Masiku amenewo mawu sitinkajambulira limodzi ndi zithunzi. Wosewera ankangowerenga manambala kuti milomo igwedere, mawu n'kudzaikamo pambuyo. Yemane anawerenga manambala ake mokhulupirika n'kumadikira kuti amuitane kukajambula mawu ake. Sanamuitane. Tsiku loonetsa filimu tinamva pakamwa pake pakutuluka mawu a munthu wina, achibwana, othyokathyoka: "Bwana, ine opa, ine thawa!" Holo yonse inafa nalo phwete. Kwa zaka zoposa makumi anayi anthu a ku bala akhala akumulonjera ndi mawu amenewo. Iye amangomwetulira. Ine sindinakhululuke, ndipo musandipemphe kutero.

Chaka chatha kunabwera Fulvio, wa kakampani kokonzanso mafilimu akale, ndevu zopesa ngati akupita ku ukwati. Mpukutu wachitatu wa filimuyo unali utavunda, ndipo anamva kuti ine ndili nawo wina womwe ndinatola m'zinyalala situdiyo itatsekedwa.

"Mayi Ornella, filimu imeneyi ndi chuma cha dziko," anatero.

"Chuma chanji, mizukwa yovala makatani a amayi anga? Khalani pansi mumwe khofi."

Yemane anayala patebulo mapepala a seweroli, achikasu ndi ukalamba. "Mizere yanga ilipo isanu ndi iwiri. Werengani nokha, mulibe 'ine opa' umu. Ndikufuna ndiyankhule ndekha."

"Pepani bambo, okonda filimuyi anazolowera mawu akale aja. Ndi mbiri imeneyo."

"Mbiri yanuyo muiike pambali, oifuna akaimvere kumeneko," ndinatero ine. "Koma popanda mawu a mwamuna wanga, mpukutu uja mudzauonera kumaloto."

Fulvio anaimba foni katatu sabata imeneyo. Kachinayi anatiuza tsiku.

Tinafika m'mawa ku situdiyo yojambulira mawu. Yemane analowa m'kachipinda kagalasi, navala zomvera m'makutu. Pakhoma, pomwe ankaonetsa filimuyo, panali nkhope yake ya zaka makumi awiri ndi zisanu, pomwe mawu anali a nkhalamba yomwe fodya anaidya mapapo. Ndinachita mantha, ndisaname. Mzere woyamba anaubwereza kakhumi ndi kamodzi, milomo ya pakhoma ikumuthawa. Wachinayi unalowa kamodzi n'kamodzi:

"Bwana, mlendo wa m'chipinda cha naini uja anamwalira Lachiwiri, koma akudandaulabe kuti madzi osamba sakutentha."

Mayi wa pamakina ojambulira mawu anaseka mpaka kugwetsa cholembera. Ankaseka nthabwalayo, osati mwamuna wanga, ndipo ine misozi inalengeza.

Kunatsala kukuwa kwa pomwe mzukwa umamugwira pakhosi. Yemane anayesa, chinatuluka ndi chifuwa. Anayesanso, n'kugwira khoma kuti asagwe.

"Kukuwako tisiye kwakale komweko," anatero Fulvio, ndipo apa ankanena mwachifundo ndithu. "Palibe adzadziwe."

"Yemane, zakwana," ndinatero nanenso. "Adokotala anati chiyani za mtima wakowo?"

"Ornella, khalako chete kamodzi kokha pa moyo wako." Anamwa madzi, napukuta pakamwa, n'kuyang'ana Fulvio kudzera pagalasi. "Munthu uja wandiyankhulira moyo wanga wonse. Ndiye andiferenso? Bwezani chithunzicho."

Anachibweza. Mzukwa wovala katani unatambasula manja, Yemane anakoka mpweya wonse womwe anali nawo, ndipo anakuwa. Kunali kukuwa koipa, kosasa, kwa munthu wokalamba amene wakwiya kwambiri kuposa kuopa, ndipo sanasiye mpaka mnyamata wa pakhomayo atagwa pansi.

Mayi wa pamakina anakweza chala chachikulu. Yemane anavula zomvera zija, natsegula pakamwa kuti andiuze kanthu, koma mawu anali atatheratu. Ndinamugwira mkono, tinatuluka pang'onopang'ono kukadikira basi.