Kukasasa ku Dinadiawan

M'mawa wa tsiku loika maliro a Menchie ndinamupeza Gorio kuseri kwa nyumba akupukuta njinga yake yamoto, ya kangolo m'mbali ija amanyamulira anthu mu Baler muno. Gorio ndi mwana wa malemu mchimwene wanga, ndinamulera ndine azakhali ake, a Tiya monga amatitchulira kuno, ndipo Menchie anali mkazi wake. Njingayo inali itawala kale, koma iye ankangopukutabe malo amodzimodzi.

"Iwe, uchotsa penti," ndinatero. "Kapena ukufuna udziyang'anirepo? Usavutike, nkhope ndi yomwe ija, sinakongoleko."

Sanaseke. Chimwalirire mkazi wake anali asanadye kanthu kooneka, khofi yekha basi.

Ndinapita kukamufunsa za pagpag. Kuno munthu ukachoka kumanda sulunjika kunyumba. Umayamba wapatukira kwina, kusitolo kapena kumsika, kukasasa zovala n'kutayako nthawi, kuti womwalirayo asokonezeke asakutsate mpaka pakhomo. Amati akakutsata sabwerera yekha, amatengako wina.

"Abale akuti akasasire pa sitolo ya a Puring, akamwe zoziziritsa kukhosi," ndinamuuza. "Iwe unditenga ine, miyendoyi ndi ya chaka cha makedzana."

"Ine sindisasa, a Tiya. Ndikachoka kumanda ndibwera kuno, pang'onopang'ono, kuti asasochere."

"Asasochere ndani?"

"Mukumudziwa."

"Nanga akafuna kukutenga?"

"Anditenge."

Ananena ngati munthu wofunsa mtengo wa nsomba. Ine kusukulu ndinangopitako kukadya zakudya za anzanga, za mizimu sindingatsutsane ndi abambo mfumu, koma mwana amene ndinamusambitsa ndimamudziwa. Kaya Menchie amutsate kaya asamutsate, Gorio akanakalowa m'nyumba muja yekha, n'kutseka chitseko, n'kumadikira kutengedwa mpaka zitatheka.

Ndinakhala pa chitsa cha kokonati n'kuyang'ana kangolo kaja. Pampando pake panali kapilo ka maluwa kamene Menchie anasoka. Mtsikanayo ankagulitsa suman, mpunga womata wokulunga m'masamba, kwa alendo ochokera ku Manila. Alendowo ndi amene ankamuuza za gombe la Dinadiawan, kuti mchenga wake ndi woyera ngati mchere. Iye wobadwira konkuno anali asanafikeko, chonsecho ndi ulendo wopita m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Akamakulunga suman ankakonza ulendowo pakamwa, tsiku ndi tsiku, mpaka nkhuku zinauloweza. Gorio ankangoti, "Sabata yamawa, Menchie, nyanja sithawa." Nyanja sinathawedi.

"Chabwino, akutsate," ndinatero. "Koma ndiwe mwamuna wouma mtima, Gorio. Mkazi adzuke m'bokosi, atavala diresi lake labwino lija, akwere njinga, iwe umufikitse pati? Pa miphika yomweyi? Akatsuke makapu a anthu obwera pamaliro ake?"

Anasiya kupukuta.

"Ine ndikanakhala iye ndikanakukoka mwendo. Tipite naye ku Dinadiawan. Ndaukonza kale ulendo wonse. Tidzera msewu wa kumapiri uja wopita ku Maria Aurora."

"Kumapiri kukatani?" anatero mokalipa. "Ankati tidzere ku Dipaculao, msewu wa m'mbali mwa nyanja."

"Eya, womwewo. Ndipo sitiima paliponse, mafuta adula."

"Tiima pa Ampere, a Tiya, pamiyala pamene mafunde amamenya n'kudumpha m'mwamba. Ankafuna kujambulitsa pamenepo."

"Kamba ndi mabisiketi."

"Mabisiketi? Ankati nsomba yootcha, ndiwo zamasamba zija amati pako ndi suman, tikadyere pamchenga ndi manja."

Ndinkalakwitsa dala, iye n'kumandikonza, mpaka ananena ulendo wonse monga Menchie ankaunenera, ngakhale pa phiri pamene anati tidzaime kuti aone gombe lonse lili pansi. Anali atausunga wonse m'mutu. Atafika pamenepo anaphimba nkhope ndi kansanza kopukutira kaja, mapewa akugwedezeka. Ndinamusiya alire. Kenako ndinakaba nsomba ziwiri ndi suman pa chakudya cha anthu apamaliro. Mulungu andikhululukire, anthuwo anali atakhuta kale.

Titachoka kumanda ndinafuna kulowa m'kangolo, Gorio anandigwira mkono.

"Umo ndi mwa Menchie. Inu mukwere kumbuyo kwanga."

"Ine, ndi msana uwu? Anthu aziti Tiya Poleng wapeza kamnyamata."

Ndinakwera, sikete nditaipinda. Anayendetsa pang'onopang'ono moti agalu ankatipitirira. Pa dzenje lililonse ankachepetsa liwiro n'kuyang'ana kapilo kaja. Tinadutsa minda ya mpunga, minda ya kokonati, kopra, mnofu wa kokonati, atayanikidwa m'mphepete mwa msewu, kenako nyanja inatulukira kudzanja lamanja. Pa Ampere tinaima, mafunde anatinyowetsa. Pa phiri paja tinaimanso. Iye ankalozera, akulankhula motsitsa mawu, osati kwa ine.

Mchenga wa ku Dinadiawan ndi woyeradi, alendo aja sananame. Ndinayala chakudya patatu. Gorio anayang'ana gawo lachitatulo nthawi yaitali, kenako anamasula suman wake n'kuluma.

"Uyu si wa Menchie," anatero. "Wachepa mkaka wa kokonati."

"Ndi wa a Puring. Amayeza kokonati ngati mankhwala a m'maso."

Anamaliza wonse, ndi nsomba yomwe. Ine ndinayang'ana kumbali kuti asaone kuti ndikuwerenga mmene akumezera.

Mthunzi wa mitengo utayamba kutalika ndinati, "Tiye, mwanawe. Msewu uja sindiukhulupirira kukada."

Anaimirira, napita pamene madzi amathera, nakhala pamenepo mapazi akumira mumchenga. Ndinagwira rozale yanga m'thumba. Nthabwala zonse zinandithawa.

Atabwerera anandifunsa, "A Tiya, mukuganiza kuti pano wapakonda?"

"Amene anatisokosa napo zaka zonsezi? Ukamubweza ku miphika akakutukwana mpaka m'maloto."

Anavula malaya ake oyera a pamaliro. Anawagwira m'manja kanthawi, ngati ndi olemera. Kenako anawasasa, mchenga n'kuuluka, nawasasanso, misozi ikutsika osaipukuta. Inenso ndinasasa sikete yanga.

Pa njinga anachotsa kapilo ka maluwa kaja, nakakaika pansi pa mtengo, moyang'ana kunyanja.

"Lowani m'kangolo, a Tiya. Msana wanu uja."

Ndinalowa. Mpandowo unali wofunda, kaya ndi dzuwa. Popanda kapilo chitsulo chinkandipweteka pa dzenje lililonse, koma mpaka ku Baler sindinadandaule.