Dokotala wa Makoswe Oyera

Kátia anali asanatule n'chikwama chomwe pamene a Cândido, mnzawo wapamtima wa bambo ake, anafika pakhonde atatsamira akazi awo, mayi Liness. Mapazi anali atatupa moti nsapato anazisiya kunyumba.

"Kompadre, tabwera kudzaonana ndi adokotala," anatero a Cândido akupuma mobanika.

A Leonardo, bambo ake a Kátia, anayang'ana pansi. Chaka chonse ankauza anthu kutchalitchi ku Mongue kuti mwana wawo ndi dokotala wa mtima. A Cândido atayamba kudwala, iwo ndi amene anati, "Musavutike ndi mzere wa kuchipatala, Kátia akubwera mu Disembala."

Kátia anagwada n'kupereka moni. Atamva chimene alendowo anadzera, anatembenukira bambo ake, koma iwo anali kutokosa dothi ndi kamtengo.

"Amalume, ine sindichiza anthu," anatero. "Kuyunivesite ndimagwira ntchito ndi makoswe oyera. Ena timawathamangitsa pa lamba woyenda tsiku lililonse, ena amangokhala. Pakatha masabata angapo timayerekeza mitima yawo."

"Makoswe!" anatero mayi Liness. "Ife tikuwathamangitsa m'nkhokwe ulere, iwe wakachita kuphunzira?"

"Othamangawo mitima yawo imapopa magazi bwino, amayi. Tikufuna kudziwa chifukwa chake."

"Ndiye ine ndiyambe kuthamanga?" anafunsa a Cândido.

"Ayi, musayerekeze!" Kátia anadina phazi lawo ndi chala, ndipo panatsala kadzenje kosabwerera msanga. "Izi zayamba liti?"

"Seputembala."

"Nanga kuchipatala anati chiyani?"

Kuchipatalako anali asanapiteko. Mayi Liness anali atasiya kuseka. Anangoyang'ana a Leonardo.

A Leonardo ankadziwa zonse. Kátia anawafotokozera ntchitoyo kawiri pafoni, ndipo anamva bwinobwino. Koma kunena za makoswe pamaso pa anthu kunawalemera. Mawu oti mtima ndi amene anawapepukira pakamwa.

Anadzuka, nalowa m'nyumba, natulutsa njinga. Anamangirira pilo pakaliyala ndi lamba wa chubu.

"Kwerani, kompadre. Tikapeze galimoto yopita kuchipatala ku Milange."

Msewu unali utakumbika ndi mvula, choncho sanapalase. Ankakankha njingayo, Kátia atagwira wodwalayo kumbuyo, mayi Liness akutsatira ndi kamtolo ka zovala.

Pamsika, Inácio wokonza njinga, amene ankaimba kwaya imodzi ndi a Leonardo, anakuwa ali pansi pa mtengo wa mango.

"A Leonardo! Wodwala mukupita naye kuti, dokotala muli naye pomwepo?"

Anthu anatembenuka. A Leonardo anaima, manja ali pahandulo.

"Mwana wangayu amafufuza mitima ya makoswe, ndipo sananamizepo munthu," anatero mokweza. "Za udokotala ndinapeka ndine. Munthuyu ndamuchedwetsa miyezi itatu."

Inácio anabwerera ku njinga imene ankakonza.

"Kankhani, kompadre," anatero a Cândido chapansipansi. "Dzuwa likundiwotcha."